Za nsadzu, ndi mwana amene wabwera ku holide ndi mafunso

Mayi wina wanditumizira imelo imene yandisowetsa tulo. Akuti mwana wawo wamwamuna, yemwe akuphunzira bayoloje ku koleji, wabwera ku holide atasintha. Iwo atamuuza kuti taona mbalamezi, ungakane bwanji kuti kuli Mulungu, mnyamatayo anayankha kuti mbalame zomwezo zimaphana, ndiye ngati kukongola kwake kuli umboni wa Mlengi, nkhanza zakezo ndi umboni wa yani? Mayiwo akufunsa kuti amuonetse nyama iti, ndipo amuuze chiyani.

Mayi, choyamba musamukalipire mwanayo. Safunsa anadya phula. Funso lakelo ndi lomwe linandizunza ine ndili wamsinkhu wake, ndipo nyama imene inandizunza nalo ndi yomweyo imene ndikufuna mumuonetse. Ndi nsadzu, mbalame ija imatsogolera anthu ku njuchi.

Agogo anga aamuna, bambo awo a mayi anga, anali Ayao a kumapiri a ku Namwera, Asilamu osaphonya Ijumaa, komanso ofula njuchi odziwika mudzi wonse. Ming'oma anali nayo ingapo m'mitengo kuseri kwa munda, koma ankati uchi wa mumng'oma ndi wa anthu aulesi. Uchi weniweni unali wa m'mphako, ndipo woupeza sanali iwo. Ankanyamula nkhwangwa, chikwanje, machesi ndi ndowa, ine pambuyo ndi chigubu cha madzi, n'kulowa m'tchire la miombo akuitana. Kuitana kwake kunali kunjenjemeretsa milomo kenako n'kudzuma pakhosi, kwinaku akumenya mitengo ndi msana wa nkhwangwa. Tinkatha kuyenda mpaka dzuwa kufika pamutu popanda kanthu. Tsiku lina zikayenda, mumangomva kulira kwa phokoso m'nthambi, ngati munthu akugwedeza bokosi la machesi. Agogo nkhope n'kuwala. Ankayilankhula mbalameyo mwaulemu, mmene ankalankhulira ndi mlendo wochokera kutali.

Mbalame yake si yoti mungaijambule pa kalendala ya tchalitchi. Ndi yotuwa, yocheperapo njiwa, chodziwika nacho ndi nthenga zoyera m'mbali mwa mchira zimene zimaonekera ikamauluka. Imauluka patsogolo, n'kutera, n'kulira mpaka mwayandikira, n'kuulukanso. Mukachedwa imabwerera kudzakuonani. Ikafika pamtengo wa njuchi imasintha kaliridwe kenako n'kukhala chete, ntchito yake yatha. Apo agogo ankakoleza moto, kumanga muuni wa udzu ndi masamba aawisi, kufukiza utsi pamphako, n'kuyamba kutema. Ine ndinkalumidwa ndithu, milomo kutupa, koma sindinkafuna kutsala kunyumba. Tikamaliza ankasiya zisa zopanda uchi, za phula ndi ana a njuchi, pamasamba, kuti mwini ulendo adye. Ankandiopseza kuti ukaimana, ulendo wina idzakutsogolera kwa njoka kapena kwa mkango. Zimenezo ndi zonena za akuluakulu, ndipo amazinena m'madera ambiri a Africa muno. Koma zakuti mbalameyi imadya phula ndi zoona zenizeni, ndipo ndi zamoyo zochepa kwambiri zimene mimba yake imatha kugaya phula. Wansembe wina wa Chipwitikizi, João dos Santos, amene anali ku Sofala ku Mozambique m'zaka za m'ma 1580, analemba za kambalame kamene kankalowa m'tchalitchi kudzajompha phula la makandulo. Ndi kameneka.

Nditapita kusekondale anzanga a m'tauni ankandiseka ndikafotokoza zimenezi. Ankati ndi nthano za kumudzi. N'chifukwa chake ndinasangalala ngati mwana nditamva za kafukufuku wa wasayansi Claire Spottiswoode ndi anzake, amene anatuluka m'chaka cha 2016 m'magazini ya Science. Anakagwira ntchito ndi Ayao ofula njuchi m'nkhalango ya Niassa ku Mozambique, tsidya lina la nyanja yathu yomweyi, kumene mbalameyi amaitcha sego. Anajambula mawu oitanira aja, n'kumayenda m'tchire akuwaulutsa pa chipangizo, ulendo wina n'kuulutsa mawu ena wamba. Poulutsa mawu a ofula njuchi, maulendo 54 mwa 100 alionse ankathera pa njuchi. Poulutsa mawu wamba, pafupifupi 17 okha. Mu 2023 anaonetsanso kuti nsadzu za ku Tanzania, kwa Ahadza amene amaitana ndi likhweru, zimamvera kwambiri likhwerulo, pamene za ku Niassa zimamvera kwambiri kaitanidwe ka Chiyao. Ndiye kuti mbalame yakutchire, yosawetedwa ndi munthu, imadziwa kaitanidwe ka anthu a kwawoko.

Tsopano mvetserani apa, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Nsadzu siimanga chisa. Siifungatira mazira. Siilera ana. Yaikazi imakaikira dzira lake m'chisa cha mbalame ya mtundu wina, kawirikawiri tija timakumba una m'dothi kapena kukhala m'mphako, n'kuchoka osabweranso. Mwana wa nsadzu amaleredwa ndi mbalame zimene sizinatsogolerepo munthu ku njuchi chiyambire. Mayi ake sanawaone, bambo ake sawadziwa. Komabe akakula amadziwa kuti chamoyo choyenda ndi miyendo iwiri chija chili ndi moto ndi nkhwangwa, kuti njuchi zimagonja ndi utsi, kuti iye ali ndi maso ndi mapiko koma alibe mphamvu yong'amba mtengo, ndipo kuti akagwirizana onse adya. Anamuuza ndani? Mwana wanu ayankha kuti ndi chibadwa, chinalembedwa m'majini, timalangizo ta m'thupi timene chamoyo chimatengera kwa makolo ake, ndipo kaitanidwe ka m'deralo amachita kuphunzira akukula, mwina poonera nsadzu zinzake. Sindikutsutsa. Ndikungoti kutchula kuti chinthu chinalembedwa sikuchotsa funso lakuti analemba ndani. Iye adzati panalibe wolemba, mbalame zimene zinkatsatira anthu zinkadya bwino n'kubereka zambiri, ndipo patapita mibadwo yosawerengeka khalidwelo linakhazikika. Ndinaphunzira zimenezo, ndinalemba mayeso ake, ndinakhoza. Koma nditaima pansi pa mtengo uja ndi agogo, mimba yogaya phula, khungu lolimba losalasika msanga ndi njuchi, mutu wosunga malo a mphako za m'nkhalango yonse, ndi mtima wosaopa munthu, zonsezo zitakumana m'kambalame kamodzi kamasiye, ine ndimaona dzanja. Sindichita nazo manyazi, ndipo ndikamakula ndi pamene ndikuumirira kwambiri.

Ndikanalekera pomwepa, ukanakhala ulaliki wokoma wa Sande sukulu. Koma mwana wanu akudziwa, kapena adziwa posachedwa, mbali inayo.

Nsadzu yaikazi ikamaikira dzira lake, nthawi zambiri imaboola mazira a mwini chisa. Amene apulumuka n'kuswa amakumana ndi choopsa china. Mwana wa nsadzu amabadwa wosaona, wopanda nthenga, koma ali ndi tingowe tiwiri takuthwa kunsonga kwa mlomo, china m'mwamba china m'munsi. Mumdima wa mu una muja amafufuza ana a eni nyumba, kuwaluma ndi kuwagwedeza mpaka kufa. Spottiswoode yemweyo anazijambula ndi makamera oikidwa m'mauna kufupi ndi Choma ku Zambia. Makolo aja amapitiriza kubweretsa chakudya, kudyetsa wopha ana awo. Pakatha masabata angapo tingowe tija timachoka, ntchito yake yatha, ndipo amatuluka mbalame yaulemu ija imene agogo ankailankhula ngati mlendo.

Nditamva zimenezi koyamba chakudya sichinalowe. Ndinali nditaigwiritsa ntchito mbalameyi pophunzitsa achinyamata kutchalitchi za ubwino wa Mulungu, ndipo tsopano ndinkaona tingowe tija ndikatseka maso. Tingowe timeneto si ngozi. Tinapangidwa bwino kwambiri, timabwera pa nthawi yake, timachoka pa nthawi yake. Ngati ndikuti mimba yogaya phula ikuonetsa dzanja, sindingatembenuke n'kunena kuti mlomo wopha uja unangochitika wokha. Mwana wanu wagwira pomwepo, ndipo wagwira bwino. Ngakhale Charles Darwin, wasayansi wotchuka ndi chiphunzitso cha kusintha kwa zamoyo, chimene chinamusautsa si kukongola ayi. M'kalata imene analembera wasayansi mnzake Asa Gray mu 1860 anadandaula za mavu ena amene amaikira mazira m'thupi la mbozi yamoyo kuti ana awo azidya mboziyo m'kati, ndipo anati sakanatha kukhulupirira kuti Mulungu wachifundo angapange zimenezo mwadala. Choncho funso la mnyamata wanu lili ndi zaka zoposa 160 m'mabuku a sayansi.

Koma m'Baibulo ndi lakale kuposa pamenepo, ndipo apa ndi pamene ndimakwiya ndi ife alaliki. Tinawaphunzitsa ana athu Mulungu wa maluwa, agulugufe ndi nkhosa zoyera, ngati kuti Malemba amabisa magazi. Sabisa. Werengani Yobu kuyambira mutu 38 mpaka 41. Munthu wataya ana ake onse, thupi lili zilonda zokhazokha, akufunsa chifukwa chake, ndipo Mulungu pomuyankha akumutengera kutchire. Akumufunsa ngati angathe kusakira mkango nyama. Akumufunsa amene amapatsa khwangwala chakudya ana ake akamalira. Akumuonetsa nthiwatiwa imene imasiya mazira pansi pomwe phazi lingawaswe, yochitira ana ake nkhanza ngati si ake, ndipo akunena yekha kuti ndi Iye amene anaimana nzeru. Akumuonetsa chiwombankhanga chimene ana ake amayamwa magazi. Salimo 104 ikuti mikango ikamabangula usiku ikupempha chakudya kwa Mulungu, ndipo tonse tikudziwa kuti mkango sudya therere. Mulungu wa m'Baibulo sanachite manyazi ndi mano ndi zikhadabo. Ndife amene timachita manyazi m'malo mwake, n'kumabisa, ndipo ana akapita ku koleji n'kupeza zimene tinabisazo amaganiza kuti tinawanamiza. Pena amakhala akulondola.

Chimene ine ndimagwira ndi ichi. Genesis 1 ikuti pachiyambi nyama zinapatsidwa msipu kuti ndicho chakudya, ndipo zonse zinali zabwino ndithu. Aroma 8 ikuti chilengedwe chinagonjetsedwa ku utsiru, chili mu ukapolo wa chivundi, chikubuula ndi zowawa za pobereka kufikira tsopano. Yesaya 11 akuona tsiku limene mmbulu udzakhala ndi mwana wa nkhosa, mkango n'kudya udzu. Ndiye dziko limene tikuliona lili pakati, lopangidwa mwaluso koma lovulala. Nsadzu ili ndi zonse ziwiri m'thupi limodzi, luso ndi bala. Mmene tingowe tija tinafikira pa mlomo wake, Malemba sanafotokoze, monganso Yobu sanapatsidwe chifukwa cha imfa ya ana ake. Koma taonani chinthu china. Mwana wanu akuti nkhanza. Mawu amenewo wawatenga kuti? Ngati zonse zili kulimbana kwa majini basi, mwana wa nsadzu sanalakwe kanthu, wapambana mpikisano, ndipo palibe chodandaulitsa. Koma mnyamatayo mtima ukumuwawa, monga unandiwawira ine, monga unamuwawira Darwin. China chake m'kati mwake chikuti siziyenera kukhala chonchi. Ine ndikuti kuwawa kumeneko nakonso ndi umboni, mwinanso woposa nthenga za pikoko.

Za chiwombankhanga cha pa WhatsApp

Ndiloleni ndipatuke pang'ono, chifukwa ndikapanda kunena izi ndidwala. Pali nkhani imene yazungulira m'magulu a WhatsApp a mipingo ndipo ndaimva paguwa kangapo, yakuti chiwombankhanga chikafika zaka 40 chimapita kuphiri, kumenyetsa mlomo pamwala mpaka kuthyoka, kuzula zikhadabo ndi nthenga, kudikira miyezi isanu, n'kukhalanso zaka zina 30. Anthu amaimba m'manja, ena kugwetsa misozi. Abale, zimenezi ndi zabodza. Mlomo wa mbalame uli ndi fupa m'kati, ndipo chikuto chake chimakula pang'onopang'ono moyo wonse. Chiwombankhanga chopanda mlomo ndi zikhadabo chingafe ndi njala masabata ochepa. Nthenga chimasintha pang'onopang'ono chikuulukabe, ndipo zambiri kutchire sizifika n'komwe zaka 40. Yesaya 40:31 safunikira bodza kuti ikhale yamphamvu. Chimodzimodzi timavidiyo topangidwa pa kompyuta ta mkango ukukumbatira mwana wa mbawala, tolembedwa kuti lembani Amen. Mwana wophunzira bayoloje akamva mayi ake kapena abusa ake akulalikira zoterezi, amangotseka khutu, ndipo tsiku limene mudzamuuze zoona za kuuka kwa Yesu adzaziika m'thumba lomwelo la chiwombankhanga. Mayi, ngati munamutumizirako zoterezi, lekani lero.

Chonsecho zoona zake n'zokwanira. Nyanja yathu yokha ili ndi mitundu ya nsomba za m'banja la chambo ndi mbuna yoposa 700, pafupifupi yonse yosapezeka kwina kulikonse padziko, n'chifukwa chake UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, inaika paki ya ku Cape Maclear pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana m'kamwa masabata angapo chosadya bwino, ndipo tiana tikatuluka, pakabwera choopsa timathamangiranso m'kamwa momwemo. Amuna a mitundu ina amaunjika mchenga ndi pakamwa kumanga mabwalo okopera akazi. Kampango wamwamuna ndi wamkazi amalondera ana awo limodzi, ndipo wamkaziyo amatulutsa mazira osaswa kuti anawo adye. Komanso m'madzi omwewo muli kalingono, amene amagona cham'mbali pamchenga ngati wafa, tinsomba tikabwera kudzajompha mtembo iye n'kudzuka n'kutimeza. Muli zina zimene zimagunda nsomba yaikazi pakamwa kuti ilavule ana zidye. Luso ndi bala, kachiwirinso.

Pa nsombazi mwana wanu adzakuuzani kuti asayansi amati mitundu yonseyi inachokera kwa makolo ochepa m'nthawi yosakwana zaka miliyoni imodzi, ndipo ndi chitsanzo chachikulu cha kusintha kwa zamoyo. Musachite mantha. Zakuti zamoyo zimasintha n'kupatukana m'mitundu palibe Mkhristu woganiza amene ayenera kukana, tikuziona pa agalu, pa chimanga, ngakhale pa udzudzu umene sukufanso ndi mankhwala akale. Genesis ikuti zinalengedwa monga mwa mitundu yake, ndipo ine ndimawerenga kuti Mlengi anaika m'mtundu uliwonse mpata waukulu wosinthira. Pamene ndimasiyana ndi buku lake la ku koleji ndi podumpha kuchoka pa mbuna yabuluu kukhala mbuna yachikasu, kufika ponena kuti njira yomweyo yokha, popanda wolinga, inapanga diso, magazi, ubongo, ndi moyo weniweniwo kuchokera ku zinthu zakufa. Asayansi ambiri amavomereza kudumpha kumeneko, ndipo mwana wanu ayenera kudziwa zifukwa zawo bwinobwino. Ine sindinakhutire nazo. Za zaka za dziko Akhristu okhulupirika amasiyana maganizo, ine ndili ndi mbali yanga, koma musalole kuti nyumba igawanike pa kalendala.

Chinanso chimene chimandipweteka, ndipo mwina achinyamata amatiweruza nacho mwakachetechete, ndi chakuti ife amene timati chilengedwe ndi umboni wa Mulungu ndife tomwe tikuchitentha. Tchire lija ndinkayendamo ndi agogo linapita m'matumba a makala. Sindikunyoza wowotcha makala, ndikudziwa kuti ana ake akufuna fizi ndipo ife a m'tauni ndi amene timagula. Koma mitengo ya mphako ikatha njuchi zimachoka, ofula njuchi akatha nsadzu imasiya kuitana anthu, ndipo m'madera ambiri a Africa zafika kale pamenepo. Chambo chimene tikunyadirachi tikuchikokolola ndi maukonde a udzudzu chikadali kasawala. Aroma 1:20 ikuti mphamvu ya Mulungu ndi umulungu wake zimaoneka m'zolengedwa. Nanga mdzukulu wathu adzaziona pati? Ndinayamba ndafunsa pamsonkhano wa akulu a mpingo kuti bwanji Sande sukulu isamapite kukaona mbalame kamodzi pa chaka, kapena kudzala mitengo yachilengedwe kuseri kwa tchalitchi m'malo mwa bulugama yekhayekha. Anandiyang'ana ngati ndabweretsa chiphunzitso chachilendo, n'kupitiriza nkhani ya matailosi.

Ndiye Mayi, mwafunsa kuti muchite chiyani. Musatsutsane naye za majini, akuposani ndipo mudzangokhumudwitsana. Mupempheni akufotokozereni za nsadzu, mbali zonse ziwiri, afufuze yekha ngati sakuidziwa, inu mumvetsere mpaka amalize. Kenako mumufunse chifukwa chake tingowe tija tikumuwawitsa mtima, ndipo musamuyankhire. Tsiku lina muwerenge naye Yobu 38 mpaka 41 mokweza, popanda ulaliki pamapeto. Mupemphererereni kuchipinda, osati pamaso pake ngati mukumuchotsa ziwanda. Ndipo fizi ya teremu ikubwerayi mulipire ndithu, amalize bayoloje yakeyo. Akafuna wokangana naye, mupatseni imelo yangayi, nthawi ndili nayo.